Dengu Lodontha la a Janeth

A Janeth Mukhiwa anayamba kuthyola tiyi ku Thyolo kuno ali mtsikana, ndipo wowanena kuti ndi akuba, ameneyo ngwabodza!

Pulofesa Namakhwa, mwana wokulira pa esiteti pomwepa, atamwalira, othyola anagwirizana kuti masamba a tsiku limodzi agulire chipatala mabulangete m'dzina la malemuwo. A Janeth, poti Pulofesa anawaphunzitsira mwana, anafuna chopereka chawo chipose onse. Basi, anakanyowetsa masamba kumtsinje kuti dengu lawo lilemere.

Pasikelo, akazi a malemu akuonerera, dengu linayamba kudontha.

"Mayi, a Pulofesa tiwalemekeze ndi madzi?" anafunsa kapitawo.

A Janeth anakhuthula masambawo nkhope ili pansi, n'kubwerera m'munda okha, dzuwa likuswa mtengo, kukathyola ena ouma.