Mabatani a Mayi Musaope

Ku chipinda chochilira amayi, mzamba wovala magalasi omangidwa ndi kachingwe uja palibe amene amamutchula dzina lake lenileni. Onse amangoti Mayi Musaope. Dzinali analiputa okha, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akulandira anthu ndi mawu amodzimodzi. Mtsikana wa mimba yoyamba akamalira, musaope. Bambo akamazungulira pakhonde ngati nkhuku yofuna kuikira, musaope. Ngakhale magetsi azime mwana ali m'njira, iwo amayatsa tochi ya pafoni n'kunena zomwezo.

Mwana akangobadwa, iwo ndiwo amayamba kumuona n'kulengeza kuti ndi wamkazi kapena wamwamuna. Pa zaka zonsezo sanaphonyepo ndi kamodzi komwe. N'chifukwa chake anthu anaseka mpaka kugwira nthiti atamva kuti chimene chinawagwetsa pa mayeso a Chingerezi chinali chomwecho, kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi.

Nkhani yake inali yotere. Kuyambira ali mtsikana, Mayi Musaope ankalakalaka kuphunzira bwino kasamalidwe ka ana obadwa masiku asanakwane, tiana tija timakwana m'dzanja limodzi. Chipatala china cha kunja chinawalembera kuti malo alipo, akagwire ntchito zaka ziwiri uku akuphunzira. Chofunika chinali chimodzi: akhoze mayeso a Chingerezi, apeze seveni pa gawo lililonse mwa magawo anayi, kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Atatu oyambawo anawoloka popanda kunyowa. Pa kulankhula anapeza sikisi ndi theka, kawiri konse. Kenako kunabwera kalata yaulemu kwambiri yonena kuti malowo awasungira mpaka kumapeto kwa Julaye basi.

Ife mawu athu ndi amodzi, iye, ndipo amakwanira mnyamata ndi mtsikana yemwe. Eni Chingerezi anagawa pawiri: mwamuna ndi hi, mkazi ndi shi. Lamuloli Mayi Musaope ankalidziwa, papepala sankalakwitsa. Koma lilime likangoyamba liwiro, achimwene awo ankasanduka shi, apongozi aakazi n'kukhala hi. Pochita mantha, anayamba kuima asanatchule munthu aliyense, kuyang'ana uku ndi uku ngati akuwoloka msewu. Kuimaimako ndi kumene kunkawadyera theka lija. Mayi wolimbitsa anzake mtima uja tsopano anali ndi mantha enieni, ndipo ankachita nawo manyazi.

Amuna awo ndi telala. Makina awo opalasa ndi phazi amakhala pakhonde la nyumba, pakati pa mulu wa mathalauza ofuna zipi ndi botolo lalikulu la mabatani akale. Chingerezi chawo chinathera pa sayizi ndi kolala. Koma atamva vutolo anavula tepi m'khosi n'kunena kuti:

"Amayi, mawu awiri okhawo? Amenewo ndiwagwira lero lomwe. Mukaweruka muzikhala apa n'kumanena za ine m'Chingerezi chanucho. Zinazo sindimva, koma ndikangomva shi ndidziwa kuti mwandiveka diresi."

"Ndiye mukadziwa mutani, bambo?"

Atelala anatenga chitini chopanda kanthu, natapa batani limodzi m'botolo, n'kuliponyamo. Ngwe.

Anayamba choncho. Madzulo alionse dzuwa lisanalowe, Mayi Musaope ankakhala pa benchi la makasitomala, nsapato zoyera atavula, n'kumafotokozera mpanda za mwamuna wawo: mmene amalumira ulusi m'malo modula, mmene amatayira choko katatu pa tsiku chili kukhutu. Atelala ankapalasa makina nkhope ili gwa ngati woweruza. Shi akangotuluka, phazi linkaima. Ngwe.

"Koma ndinati hi!"

"Makutu anga ndi atelala, amamva ndi singano ikagwa. Mwandikwatitsa kachitatu lero."

Tsiku lina Mayi Musaope anadandaula kuti chilankhulochi n'chopanda mwambo. Munthu wamkulu, bambo wa ana atatu, n'kumamutchula hi, mawu omwewo otchulira mwana wa dzulo. Kwathu mkazi ponena za mwamuna wake amati iwo. Atelala anayankha kuti ulemuwo ausunge kaye, chimene iwo akupempha panopa n'kungobwezeredwa thalauza.

Makasitomala sanachedwe kuigwira nkhaniyo. Ena ankabwera ndi malaya osang'ambika n'komwe, kungofuna kudzamva chitini chikulira. Mayi wina wogulitsa makala anayamba kupereka moni kwa atelala kuti, "Mwaswera bwanji, anti?" Iwo ankayankha ndi kamawu kakang'ono, akukonza duku limene kunalibe. Mayi Musaope ankaseka mpaka magalasi kugwera pachifuwa, ndipo osazindikira, anasiya kuima. Ankalakwitsa, ngwe, kukonza, n'kupitirira. Chitini chinafika theka, kenako chinayamba kumagona ndi njala.

Mayeso achitatu anachitika Lachiwiri m'mawa, m'kachipinda ka tebulo limodzi, mipando iwiri ndi kachida kojambula mawu. Woyesa anali mtsikana wa nkhope yosaseka, wa msinkhu woti Mayi Musaope akanatha kukhala atamulandira okha pobadwa. Atatha mafunso oyamba, anawapatsa kakhadi: afotokoze kwa mphindi ziwiri za munthu amene anawathandiza kuphunzira chinachake.

Mayi Musaope anayamba bwino, chiganizo choyamba, chachiwiri. Pa chachitatu anati mwamuna wanga, ndipo pakamwa panatuluka shi woyera bwino.

M'khutu mwawo munalira ngwe.

Anayesa kudzigwira koma zinakanika. Anaseka, pamaso pa woyesa, kachida kakujambula. Kenako anati hi, napepesa kwa mwini wake amene kunalibe, n'kuuza mtsikanayo kuti munthu amene anawathandiza ndi mwamuna amene wangovekedwa diresiyu. Anafotokoza za chitini, za mayi wa makala, za chilankhulo chimene mawu amodzi amakwanira onse. Analakwitsanso kamodzi, n'kukonza ali pa liwiro monga telala amabwezera ulusi osaimitsa makina. Woyesa uja analuma mlomo wam'munsi, maso ali papepala. Anachita kukweza dzanja kuti nthawi yatha.

Kunyumba anafika mapewa ali pansi. "Bambo, ndaononga. Ndani anasekapo m'mayeso?"

"Musaope," anatero atelala, osadzutsa mutu. Ankasoka chinachake chakuda, cholemera, chimene ankachibisa pansi pa mathalauza mkazi wawo akayandikira.

Zotsatira zinabwera patatha masiku khumi ndi atatu, pafoni, ali pantchito, mwana wina atangobadwa ndipo wina ali pafupi. Anasamba m'manja, napukuta magalasi, n'kutsegula. Kulankhula: seveni. Anakhala pa kampando kachitsulo misozi ili mbwembwembwe. Mayi amene anali pabedi, thukuta lili kamukamu, anadzutsa mutu n'kuwayang'ana.

"Azamba, musaope," anatero.

Chipinda chonse chinafa ndi phwete, ndipo mwanayo anabadwa pakati pa kuseka. Anali wamwamuna. Mayi Musaope analengeza m'zilankhulo ziwiri, osaphonya.

Madzulo ake anapeza chinthu chakuda chija chitapachikidwa pachitseko. Linali jasi lalitali, lansalu yokhuthala, la dziko lozizira. Atelala anali atayamba kulidula tsiku lomwe chitini chinalira koyamba, miyezi iwiri zotsatira zisanabwere. Kutsogolo kwake kunali mabatani asanu ndi limodzi, palibe lofanana ndi linzake: lofiira, la yunifolomu ya sukulu, lamatabwa, lina lothetheka m'mbali. Onse anachokera m'chitini.

Mayi Musaope analivala pakhonde pomwepo, kunja kukutentha. Linakwana ndendende, pakuti munthu amene wakhala nawe zaka zonsezo safuna tepi. Anasangalala kwambiri, ndipo nthawi yomweyo anazindikira kuti zaka ziwiri n'zambiri, kuti madzulo kumeneko sikudzakhala makina olira pakhonde.

Atelala anawakonzera kolala, nachotsa kaulusi paphewa.

"Kumeneko akakakufunsani za ine, muzikagwira batani kaye," anatero. "Musakandichititse manyazi kwa eni ake. Ndine hi."

Mayi Musaope anagwira batani lothetheka lija.

"Hi anali wa mayeso, bambo, ndipo mayeso atha. Akakandifunsa amene anasoka jasili, ndikawauza kuti ndi iwo. Akafuna kumva, akaphunzire."