Tsiku limene anyamata a ku Nselema sanayankhe mayina awo

Ntchito yanga yoyamba ndinaimva pa siteshoni ya sitima ku Balaka. Mnzanga wa ku sekondale anandiuza kuti a Dokotala ena, ophunzitsa za maganizo a munthu, akufuna wodziwa masamu. Ndinapita ndi satifiketi ndi khadi la chipani m'thumba, ndipo anandilemba.

Ankafufuza ngati njira yatsopano yophunzitsira imathandiza ana kukumbukira. Tchuthi chachikulu chisanayambe, ndinayesa anyamata a sukulu ina ku Nselema. Ndinkatchula manambala, mwana n'kubwereza, ine n'kulemba malikisi pa dzina lake. Teremu yotsatira aphunzitsi anagwiritsa ntchito njirayo, kenako ndinayenera kuwayesanso anyamatawo.

A Dokotala anali atasankha kale mayeso a masamu otchedwa t ya awiriawiri. Amenewa amayerekeza malikisi akale ndi atsopano a mwana yemweyo, choncho ngakhale kusintha kochepa amakugwira. Njirayo ikanaoneka yothandiza, ikanafika kusukulu zina, inenso ntchito ikanapitirira.

Nditabwerera ku Nselema, ndinaima kutsogolo kwa kalasi n'kuyamba kuitana mayina. Kunali zii. Ena anazolika, ena akundiyang'ana ndi diso lofiira. Ahedi anandikokera panja.

"Achimwene, anawa analowa jando patchuthi. Ali ndi mayina atsopano. Kuwaitana dzina laubwana n'chipongwe."

"Sangandinong'oneze lakalelo?"

"Iyayi. Mukufuna makolo atipitikitse tonse?"

Ahediwo anali achilendo. Mphunzitsi amene ankawadziwa bwino anawo anali atasamutsidwa mwadzidzidzi, ndipo masiku amenewo za chifukwa chake sitinkafunsa. Anyamatawo ndinawayesa ndi mayina atsopanowo, kenako ndinazungulira midzi wapansi, dzuwa likuswa mtengo, kufunsa amayi awo mayina akale a anawo. Owerengeka anandiuza. Ambiri anangondipatsa madzi akumwa n'kundilozera njira. Ndinatopa mpaka kudana nayo ntchitoyo.

A Dokotala atamva, anagwira mutu nthawi yaitali.

"Usalumikize mayina akale ndi atsopano mongoganizira nkhope," anatero. "Tigwiritsa ntchito t ya magulu awiri osiyana."

Mayeso amenewo amatenga ana akale ndi atsopano ngati anthu osadziwana. Kusiyana kwa ochenjera ndi ovutika kumaphimba kusintha kochepa kuja. Ndinadina kakyuleta mpaka chala kuwawa, n'kuyang'ana tebulo la kumapeto kwa buku la masamu. Nambala yathu inaperewera. Ndinabwerezanso, inapereweranso. Lipoti linati palibe umboni woti njirayo imathandiza. Kafukufuku anathera pomwepo, ine n'kubwerera kwathu kukalima thonje.

Patapita zaka ndinalowanso m'zofufuza. Ndisanasankhe mayeso alionse, ndimayamba ndafunsa anthu a kumaloko kuti munthu ndikumuyesa leroyu ndidzamuzindikira bwanji ndikadzabweranso, ndipo aliyense ndimamupatsa nambala yake. Koma za ku Nselema zimandilemerabe. Ndi makutu angawa ndinamva anyamata aja akubwereza manambala mosadodoma kuposa kale. Mwina njira ija inkathandizadi, ndipo palibe amene adzadziwe.