Ngolo ya Zitseko Ziwiri

Ndinayendetsa malole kuyambira ndili mnyamata mpaka pamene maso anayamba kuchita nkhungu. Beira, Dar es Salaam, Mombasa, konseko ndinafikako. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma ngolo ndimaidziwa.

Mayi a kunyumba atamwalira, abale awo anandisudzula mwaulemu. Nyumba ndinaimanga kuchikamwini, choncho inatsala komweko. Kwathu kwenikweni ndinachokako kalekale, ndipo minda inagawidwa ine kulibe. Mwana wanga wamkazi ananditengera ku Nairobi kuti madokotala akaone maso angawa. Maso anapola. Za ulendo wobwerera palibe anazitchula, ndipo ine sindinafunse.

Tinkakhala ku Pangani, m'nyumba yosanja, pamwamba pa sitolo. Chipinda changa chinali kumapeto, kutali ndi chawo. Zinali bwino choncho. Kwathu mpongozi sagona pamalo poti n'kumamva mkamwini akutembenuka pabedi ndi mwana wake. Pamafunika khoma lenileni, ndiponso aliyense khomo lake.

Mkamwini wanga ndi katswiri wokumba mijigo. Ndi munthu wopemphera, wofatsa, wolankhula motsitsa mawu. Sanandinyozepo. Koma sindinamumvepo akunena chinthu molunjika.

Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, anandikhazika pansi awiriwo. Ntchito ya mwana wanga inali itatha. Mkamwini anali atapatsidwa ntchito kumadera ouma a kumpoto, miyezi ingapo pano, miyezi ingapo apo. Sankafuna kuti banja ligawikane. Anaganiza zosiya nyumba ya lendi n'kugula ngolo yokhalamo, ija imakolekedwa pamsana pa pikapu monga timakolekera ngolo ku hosi, mutu wa lole. Ana awo awiri aziphunzitsidwa ndi mayi wawo m'ngolo momwemo.

"Ababa, inu ndinu odziwa," anatero mwana wanga. "Mutithandize kusankha mtundu wabwino."

"Muzidzagonamo anthu angati?" ndinafunsa.

Anayang'anizana. Kenako mkamwini anati, "Tiona mmene ngoloyo iliri, bambo."

Ndinamva. Funso langa linali losavuta, ndipo m'nyumbamo tinalimo anthu asanu. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti sitikusankha ngolo yokha ayi. Tikusankha ngati ine ndipita nawo kapena nditsala. Ndipo kotsalira ndinalibe.

Yoyamba anandionetsa pa kompyuta. Inali ya kutsidya kwa nyanja, yokhala ndi chizindikiro cha phiri pamphumi. Mkamwini anaiyamikira kwambiri. Firiji yaikulu, mbaula ya gasi, bafa, makabati owala. Ankasuntha zithunzi mofulumira, koma ine ndinkawerenga mabedi. Limodzi lalikulu kutsogolo, awiri aang'ono osanjikizana. Basi.

"Bwererani pa chithunzi chakunja chija," ndinatero.

Anabwerera.

"Chitseko chili mbali iti?"

"Kumanja."

"Nanga kuno timayenda mbali iti ya msewu?"

Anayang'anitsitsa chithunzicho.

"Mukaima m'mphepete mwa msewu, mwana akatsegula chitseko, atsikira kutsogolo kwa maminibasi aja amati matatu. Anthu amene anaipanga amayenda kumanja. Sanaipangire inu."

Mwana wanga anaseka. "Mwaona? Ife tinangoona firiji."

Mkamwini anasekanso, koma anatseka kompyutayo pang'onopang'ono. Ndinakondwa kuti ndaikana, ndipo chifukwa changa chinali choona. Koma ndinadzifunsa kuti munthu wophunzira chonchi, zoona sanaone chitseko? Kapena ankafuna aone ngati ndinena za mabedi?

Yachiwiri inali yopangidwa konkuno. Tinapita ku galaja ina kumafakitale, kumene amapanga mabodi a mabasi. Mmisiri wake, amene kuno amati fundi, anali munthu wamfupi wa zipsera za moto m'manja. Anandipatsa moni kuti "Mzee", ndiko kuti mkulu, n'kundisiya ndiyendere ndekha. Zimenezo ndinazikonda. Wogulitsa amene amakutsatira paliponse amakhala kuti pali pamene sakufuna uime.

Ngoloyo inali yosakongola. Chizindikiro inalibe, koma kachitsulo kolembapo nambala. Ndinalowa kunsi. Chasisi chinali chachitsulo chochindikala, mowotcherera monse mosalala ngati mamba a nsomba. Masipuling'i anali a lole. Chikhomo chokolekera, chija chimalowa m'mbale ya pa pikapu, chinakhala pa chitsulo chimodzi chosalumikiza. Ndinafunafuna cholakwa. Sindinachipeze.

Ndiye ndinalowa m'kati. Chitseko chimodzi, kumanzere. Chipinda cha akuluakulu kutsogolo, pamwamba pa masitepe atatu, chotchingidwa ndi katani. Mabedi a ana kumbuyo. Pakati tebulo, limene fundi anandionetsa kuti limatsika n'kusanduka bedi.

"Hakuna shida, Mzee, palibe vuto," anatero. "Mlendo agona apa."

Kuchokera pa tebulolo kufika pa katani ija panali mapazi anayi. Ndinawerenga. Mwana wanga anayang'ana pansi. Mkamwini ankagogoda kabati ngati pali chimene akumvetsera.

"Mwaiona bwanji, bambo?" anafunsa tili m'njira.

"Ndi yolemera," ndinatero. Sindinaname. Koma sindinanene zonse.

Patapita milungu iwiri, mwana wanga anabwera ali ndi nkhope yowala. Mzungu wina ku Spring Valley ankabwerera kwawo ndipo ankagulitsa ngolo yake. Mtundu wake unali wodziwika, wa chizindikiro cha mbalame, wopangidwira maiko oyenda kumanzere.

Tinapita Loweruka m'mawa. Kumeneko n'kwa mitengo ikuluikulu ndi mipanda yaitali, anthu saoneka. Titafika pageti, mlonda anamwetulira n'kuuza mkamwini wanga m'Chiswahili kuti, "Mwabweranso." Chiswahili ndimachimva. Ndinachiphunzira pa doko la Mombasa iye asanabadwe.

"Munabwerapo kale kuno?" ndinafunsa.

"Ndinangodutsa, kudzaona ngati n'koyenera kukuvutitsani."

Ngoloyo inali pansi pa mtengo, yoyera, yaitali. Inali ndi zitseko ziwiri. Choyamba cholowera ku khitchini ndi ku chipinda chakutsogolo. Chachiwiri kumbuyo kwenikweni, cholowera m'kachipinda kamene mwini wake ankasungiramo njinga. Pakati pa kachipindako ndi mbali ina yonse panali khoma. Ndinaligogoda. Linali khoma ndithu, osati katani.

Mwana wanga anaima m'kachipindamo n'kutambasula manja. "Ababa, bedi lanu likwana apa. Zenera ili. Wailesi yanu apa."

Aka kanali koyamba kuti munthu anene kuti ndili nawo pa ulendowo. Ndinayang'ana pazenerapo kwa kanthawi.

Mwini ngolo anatipatsa tiyi, n'kumafotokoza za malo amene anafikako nayo. Kenako mkamwini anati, "Bambo, mungaoneko kunsi? Ine za zitsulo sindizidziwa."

Munthu amene amakhalira mashini obowola miyala, akuti za zitsulo sazidziwa. Ndinamuyang'ana. Iye ankayang'ana tiyi wake.

Ndinavula jekete n'kuyamba kumbuyo. Matayala anali abwino. Mabuleki abwino. Pansi panalibe dzimbiri. Ndinapita kutsogolo, pakhosi pa ngolo, pamene imakwera m'mwamba kuti ikhale pamsana pa pikapu. Kulemera konse kwa kutsogolo kumathera pamenepo. Ngolo yonse kunsi inali ndi fumbi lofiira lakale. Koma mozungulira chikhomo panali penti yakuda yatsopano, pamalo ngati chikhatho changa.

Munthu sapenta malo amodzi okha kunsi kwa ngolo kuti pakongole. Kulibe amene amaonako.

Ndinapempha palafini ndi choko. Anafunafuna m'nyumba, n'kupeza zonse. Ndinapala pentiyo ndi kampeni kanga. Mwini ngolo anayamba kulankhula mofulumira, koma mwana wanga anamuuza kuti adikire. Ndinapaka palafini pachitsulopo, ndinadikira, ndinapukuta mpaka pauma. Kenako ndinapakapo choko. Ndi mmene tinkachitira m'magalaja akale. Ngati pali mng'alu, palafini amabisala m'menemo, kenako amatuluka n'kudetsa choko.

Ndinagona chagada, n'kumadikira. Mzere unayamba kuoneka, wopyapyala ngati tsitsi, wotalika ngati chala changa chapakati. Unadutsa m'mphepete mwa pamene wina anawotchererapo kale.

Ndinali ndekha kunsiko. Ndinkangoona mapazi awo. Nsapato za mwana wanga, nsapato za mkamwini, masandasi a mwini ngolo. Ndikanapukuta chokocho ndi chala, palibe akanadziwa. Ndikananena kuti ndi kanthu kakang'ono, akanandikhulupirira, poti odziwa ndinali ine. Mwina ikanayenda chaka. Mwina zaka ziwiri. Koma misewu ya kumpoto ndi ya mabampu okhaokha, imagwedeza chitsulo tsiku lonse. Khosi la ngolo likathyoka pa liwiro, ngolo imagwera galimoto imene ikuikoka. Ndinazionapo pa msewu wa ku Tete. M'pikapumo mukanakhala zidzukulu zanga.

Ndinagona pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ntchitoyo inkafunira.

"Ababa, muli bwino kunsiko?"

"Bwera uone," ndinatero.

Anagwada, n'kusuzumira. Ndinamulozera mzerewo.

"Ndi chiyani?"

"Yang'aluka."

"Sangawotcherere?"

"Anawotcherera kale. Ndi pomwepo yang'alukiranso. Chitsulo chake n'chopyapyala, anaipangira misewu ya tala. Ukawotcherera apa, mawa ing'aluka apo."

"Koma ababa, chipinda chija..."

"Ndanena kuti yang'aluka."

Ndinatuluka, n'kudzisasa fumbi. Mwini ngolo analumbira kuti sankadziwa, kuti pentiyo anapaka ndi makaniko ake. Mwina. Sindinalimbane naye. Maso anga anali pa mkamwini.

"Mwatipulumutsa, bambo," anatero. "Mulungu akudalitseni."

Ananena mofulumira. Ndipo sanawerame kuti aone mng'aluwo. Munthu amene wamva koyamba kuti chinthu chimene amafuna kugula n'chothyoka, amawerama. Amafuna aone yekha. Iye anaimirira chilili, kapu ili m'manja.

Pobwerera tinafika pa Westlands. Pamenepo ndinati, "Gulani ya fundi uja. Ndi yolimba. Ndinanena kuti ndi yolemera, koma pikapu yanu iikoka."

Mwana wanga anayesa. Anabwerera kwa fundi kukafunsa ngati angaike khoma ndi chitseko chachiwiri. Fundi anati kudula mbali ya ngolo yomalizidwa kale n'kuifooketsa, ndipo khoma lingadye malo a mabedi a ana. Ndinali pomwepo. Ankanena zoona, ndipo ndinavomereza.

"Ndiye mugona pa tebulo paja, ababa. Masiku ano zinthu zinasintha."

"Kwa iwe zinasintha."

"Kapena tigule tenti."

"Ndine nkhalamba. Sindigona panja ngati mlonda wa katundu wa mkamwini."

Mwana wanga analira. Mkamwini anati, "Tisawakakamize bambo." Apanso anafulumira.

Mkulu wina wa mpingo wathu, Mmalawi mnzanga, ali ndi nyumba ku Kangemi. Kuseri kwake kuli chipinda cha khomo lakelake. Zoti ndikakhale kumeneko zinakonzedwa m'masiku atatu. Chipindacho ndinachipeza chopentedwa kale, penti yake youma bwinobwino. Ndinafunsa mkuluyo kuti anapenta liti. Anati sakukumbukira.

Tsiku lonyamuka, ndinapaka ndekha girizi pa mbale yokolekera. Ndinamuimiritsa mkamwini pambali panga, n'kumuonetsa mmene amaonera kuti chikhomo chagwidwa. Asamangomva kulira kwa chitsulo. Aziwerama ndi tochi, aone kuti nsagwada za mbaleyo zatseka. Akatero akoke pang'ono mabuleki a ngolo ali omanga. Ndinamuchititsa katatu. Anachita bwino.

Ana ndi mayi wawo atakwera, ndinamuitanira kumbuyo kwa ngolo.

"Mng'alu uja wa ku Spring Valley, munauona liti?"

"Tsiku lomwe lija munaupeza, bambo."

"Simunawerame."

"Mawu anu anandikwanira."

Anandiyang'ana m'maso ponena zimenezi. Yankho lake linali laulemu, losatsutsika. Mwina n'zoona. Mwinanso anauona ulendo woyamba uja, n'kudziwa kuti ndikaupeza sindingathe kukhala chete, ndipo chipinda changa ndidzachikana ndekha ndi pakamwa panga, iye osalakwira munthu. Ngati ndi choncho, ndiye kuti amandidziwa bwino kuposa mwana wanga.

Ndinamugwira chanza ndi manja awiri, monga kuyenera. Ananyamuka.

Tsopano ndimakhala ku Kangemi. M'mawa ndimatsika kukakhala pafupi ndi msewu waukulu wa Waiyaki Way, n'kumaona malole akupita ku Uganda. Lamulungu lililonse amaimba foni. Zidzukulu zimandiuza za ngamila. Mwana wanga amafunsa ngati ndikudya. Kenako ndimapempha mkamwini, ndipo ndimamufunsa za matayala, za mabuleki, za pakhosi pa ngolo. Amati zonse zili bwino. Ndimamuuza kuti ajambule pamalopo anditumizire. Amatumiza. Ndimakuza chithunzicho ndi zala ziwiri, n'kuyang'anitsitsa. Mng'alu palibe.