Kuwala kobiriwira m'foni ya mlamu wanga

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa ndi mkeka. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse, ena akusonkha moto wa tiyi. Kuzizira kwa Juni ku Edingeni kumalowa m'mafupa. Mng'ono wanga, namfedwa, anali pakona pa siwa yekhayekha. Chifikireni kuchokera ku Blantyre ndi thupi la mwamuna wake, palibe wakuchimuna amene anamupatsa moni.

Nkhani inali foni. Mlamu wangayo ankagwira ntchito m'labotale, ndipo anangogwa kuntchito komweko magazi atathamanga. Msuweni wake wina, wamanja oyabwa, anatsegula foni ya malemu n'kupezamo kanema: mdima bii, timadontho tobiriwira tikuphethira. Pomwe kumacha mudzi unali utagamula kale kuti n'zausatana, ndipo wozibweretsa ndi mkazi wa ku Dedza uja, mng'ono wanga. Bambo aakulu a malemu analamula kuti bokosi lisatuluke nkhaniyo isanamveke, ndi kuti ana awiri a malemu atsale, mayi wawo abwerere kwawo yekha. Ndinachita mantha, komanso ndinapsa mtima. Mng'ono wangayo ngakhale nkhuku satha kupha.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kukhamukira, ena panjinga zamoto, ena palole kuchokera ku Jenda, aphunzitsi ndi anamwino a paboma. Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha. Bokosi linali likadali m'nyumba.

Kenaka inafika minibasi ya anzake a malemu akuntchito. Mayi wina wamfupi, wamagalasi, atamva nkhaniyo anamanga bwino chitenje, kukagwada pamaso pa akuluakulu, n'kupempha foniyo. Anafotokoza kuti thupi la munthu linapangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso. Iwo amasunga timaseloto m'kambale, n'kuthiramo mankhwala amene amawala akakumana ndi kashiyamu, mchere womwe uja wolimbitsa mafupa. Bakiteriya akagwira selo limodzi, kashiyamu amasefukira m'kati mwake, selolo n'kuwala, kenaka oyandikana nalo. Malemu ankajambula zimenezo pa maikulosikopu pofuna kudziwa mmene thupi limachenjezerana matenda akalowa.

Woyamba kuyankhula anali mayi a malemu.

"Mbwenu n'kukuwa kumeneko? Ngati ng'ombe fisi akafika pakhola?"

"Eya, amama. Mwana wanu ankamvetsera kukuwako."

Mayi a malemu anadzuka osafunsa munthu, kukamugwira dzanja mng'ono wanga, n'kumukhazika kumutu kwa bokosi. Za ana sizinatchulidwenso. Msuweni uja anapezeka watanganidwa kwambiri ndi kuwaza nkhuni.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, mphepo ikuulutsa fumbi m'minda yokolola kale. Kumanda mng'ono wanga ndiye anaika nkhata yoyamba, ana ake ali m'mbali mwake. Ndinalira, koma ndivomere kuti mtima unali utakhala pansi kwa nthawi yoyamba m'masiku atatu.

Madzulo anthu atabalalika nyumba inali zii. Mayi a malemu anapempha kuti aonenso kanema uja. Nthawi yonseyi anthu ankamuonera osakweza mawu. Nditakweza, tinamva mlamu wanga akutsokomola, kenaka kuseka chapansipansi, n'kunena kuti, "Taonani, ayamba."

Mng'ono wanga anatsamira phewa la apongozi ake. Iwo anandiuza kuti ndibwezere poyambira.