Mapiritsi a Likodzo Amene Ndinkawapatsa Amuna Anga

Kwathu ku Nkhudzi munthu akakodza magazi sitidabwa ayi. Ndi likodzo basi. Tonse tinakulira m'madzi, kusamba, kuchapa, kutsuka mbale, ndiye ndani sanadwalepo? Ine ndiye ndinkadziyesa katswiri, poti ndinali mlangizi wa zaumoyo. Chaka ndi chaka ndinkazungulira m'midzi ndi ndodo yoyezera msinkhu podziwa mlingo wa mankhwala, kugawa mapiritsi owawa aja.

Amuna anga anali mmisiri wokhoma maboti. Tsiku lina m'mawa anabwera kuchokera kuseri, nkhope ili gwa, n'kuti, "Amayi, mkodzo wafiira."

Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. "Inu abambo, ndi imvi zanuzi, matenda a ana asukulu?" Ndinawaimika pa ndodo yanga ija ngati mwana, iwo akuseka, ndinawapatsa mapiritsi. Patapita masiku atatu magazi anasiya. Ndinadzitama kwabasi.

Magazi anayambanso nthawi ya mvula. Ndinawapatsanso, anasiyanso. Sankamva kupweteka kulikonse, ankakhoma misomali tsiku lonse, kudya bwinobwino. Akanena zopita kuchipatala ndinkawakalipira. "Mukatayirenji tsiku pamzere, dokotala muli naye m'nyumba?" Zinatero zaka zinayi.

Chaka chachisanu anayamba kugwira m'chiuno kumanzere, kenako analephera kunyamula thabwa limodzi lokha. Ku Mangochi anawaunika n'kutitumiza ku Blantyre.

Dokotala wa kumeneko, mayi wofatsa, anatijambulira papepala. Impso apa, chikhodzodzo apa, ndipo pakati kanjira kotsitsa mkodzo. Anati pakachikopa ka m'kati mwa kanjirako pamera khansa. Anati inayamba ngati mtundu womera pang'onopang'ono, wosathamangira kufalikira. Imatulutsa magazi kenako n'kusiya yokha, munthu n'kumati wachira. Ikapezeka msanga amatha kuchotsa khansayo, impso n'kuisiya. Koma iyi inali itatseka njira, impso yakumanzere itafa kale. Yakumanja nayo inali yofooka.

Apo m'pamene ndinamvetsa. Mapiritsi anga sanachiritsepo kanthu, ngakhale kamodzi. Matendawo anatipatsa zaka zinayi zathunthu, akutichenjeza poyera, ine n'kumawatseka pakamwa.

Kenako dokotala anafunsa, "Nanga nthawi yonseyi mumamwa chiyani, bambo?"

"A likodzo."

"Anakuyezani ndani? Amakupatsani ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere. Amuna anga anandiponda phazi pansi pa tebulo, mwamphamvu.

"Ndinkagula ndekha pa golosale, adokotala," anatero. "Mayiwa ankandiuza kuti ndipite kuchipatala, ine makani."

Dokotala anawadzudzula pang'ono, iwo akungogwedeza mutu ngati wolakwa weniweni.

Impso ija anaichotsa. Anakhala nafe mvula ziwiri, osagwiranso hamala, miyendo ikutupa. Impso yotsalayo italephera, anatisiya.

Bodza lija sanalisinthe. Anauza achimwene awo zomwezo, ana athu zomwezo, abusa zomwezo. Ndikayamba kulira kuti ndine ndinalakwa, ankangoti, "Amayi, tasiyani zimenezo, ndipatseni madzi akumwa."

Pamaliro alamu anga anaimirira kufotokozera anthu za matenda. Anati m'bale wawo anali munthu wabwino koma wosamva, anadzipha yekha ndi mankhwala ogula, chonsecho mkazi wake wa zaumoyo akumuchonderera tsiku ndi tsiku. Azimayi anandigwira mapewa, kundipepesa kuti ndinayesetsa.

Mpaka lero ana anga amawakwiyirabe bambo awo chifukwa cha makani. Mtima umandipweteka, koma sindinawauzebe.