Tulo ta m'boti ku Oakville

Moni nonse, ndi Tadala.

Agogo ndimawasamalira aja, mwana wawo amakhala m'boti. Waliimika padoko ku Oakville, ndiye lero tinapita kukamuona. Mkatimo muli zonse: bedi, kakhitchini, makapu opachika kuti asagwe.

Masana agogo atagona, nane ndinangoti nditsamire pang'ono. Abale inu, boti limagwedeza ngati wina wakubereka kumsana. Makapu aja ankangogundana chapansipansi, madzi akunyambita m'mbali. Ndinagona maola awiri, ine amene tulo tinandithawa chifikireni ku Canada kuno.

Pano mwana wawoyo akuti Loweruka ndinyamuke nawo pabotilo, miyezi iwiri pamadzi, ndizisamalira agogowo. Kusambira sindidziwa, ndipo ntchito ina imene ndimagwira kuno ikhoza kutha.

Amayi, msana umene ndinaukumbuka lero ndi wanu. Ndipite?