Mkulu Woyeza Ndege ndi Chikhatho

Mkulu wa shedi yosungiramo ndege yoyandikana ndi ya Darlene, pakabwalo ka ndege ku Kansas, satsegula buku la makina. Amangoyendayenda ndi kapu ya khofi, n'kumasisita ndege za eni ngati ana odwala.

Kwa sabata zitatu, matayala a ndege imene Darlene anapanga ndi bambo ake ankakana kupindika. Bambowo matenda anali atawafooketsa, ndipo Darlene ankaopa kuti iwo sadzaikwera ndegeyo.

"Yatsa pampu, mwanawe," anatero mkuluyo, n'kugwira masilinda amafuta onse atatu opinda matayala. "Iyi yatentha, ikudontha mkati. Ukulirira kamphira kamodzi kotsekera mafuta basi?"

Darlene anasintha kamphirako. Loweruka Darlene anauluka ndi bambo ake, ndipo matayala atapindika bwinobwino, bambowo anakuwa ngati mnyamata.